Anachotsa Mwala Ndani?

Galimoto yathu inayenda zaka zisanu ndi ziwiri yopanda handibuleki, ndipo sinapondepo ngakhale nkhuku ya munthu. Tsiku limene tinaikonzetsa handibulekiyo ndi limene inathawa.

Ndikamati galimoto yathu ndikudzikometsera. Inali ya mayi akunyumba. Anaigula okha ndi mbatatesi za m'munda wa amayi awo, kapikapu koyera kotopa kale, ndipo ine anandipatsa ntchito yoyendetsa poti ndinkapezekapezeka pakhomopo. Ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa akazi anga cha ku Kasina, ndipo nthawi imeneyo zinthu zimene ndikanati n'zanga popanda wina kutsokomola zinali ziwiri zokha: jekete ndi nkhumba.

Nkhumbayo ndiyenera kuifotokoza, chifukwa mlandu wonsewu unagwera iyo, yosalakwa. Inali yaikazi, yoyera, ya khutu limodzi lakuda. Ndinaigula ili kamwana, n'kuilera ndi gaga mpaka inafika poti ikamatembenuka m'khola, mbale zinkagwedezeka m'nyumba ya apongozi. Sindikuwonjezera. Apongozi alipo, mukhoza kukawafunsa, ngakhale kuti sakonda kundiikira umboni. Chaka chimenecho inali ndi bere loyamba, ndipo ndinkacheza nayo madzulo alionse ngati munthu.

Tsopano za mwala. Anthu okhala kuchigwa sangazimvetse msanga. Kuno ku Dedza malo athyathyathya ndi bwalo la mpira basi, nalonso mpira ukangousiya umapita wokha kukagoletsa. Ndiye galimoto yopanda handibuleki imayenda ndi mwala wake, monga munthu wa bondo lovuta amayendera ndodo. Wathu ndinautola m'mbali mwa msewu wa malole a matabwa wokwera Phiri la Dedza. Unali ngati buledi wamkulu, wosalala pansi, wolemera ngati mwana wa zaka zitatu, ndipo unkakhala kumapazi kwa wokwera. Ukaima, phazi umalisiya pa buleki, wokwera amatsika n'kukauika patsogolo pa tayala, ndiye iwe n'kupumula. Ukakhala wekha umangotulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Achimwene, tandiikireni mwala!" ndipo munthu aliyense wa pa Boma, kaya wavala suti, amadziwa chochita. Ine anandiikirapo mwala mkwati akupita kukadalitsa ukwati, duwa lili pachifuwa. Mulungu ndi mboni.

Koma woika mwala wamkulu anali mayi akunyumba. Anauika pamsika, anauika kuchigayo, anauika kuchipatala mimba ili apa. Sanadandaulepo. Mpaka Lamulungu lina kutagwa mvula yosayembekezeka, anatsika pa tchalitchi atavala yunifolomu ya bungwe la amayi, bulauzi yoyera mbee, n'kugwada m'matope mwala uli m'manja, anzawo onse akuonerera. Mmodzi anawafunsa ngati ayambira panja pomwepo kupemphera. Pobwerera, titangowoloka mlatho, mayi akunyumba anagamula.

"Mawa mukakonzetse handibuleki," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Mupite nayo ku galaja ya mpanda ija, ya kumunsi. Osati kwa mnzanu uja."

Ndinapita nayo kwa mnzanga uja.

Zifukwa ndinali nazo. Tinaphunzira limodzi pulayimale, tinathawira limodzi masamu, ndipo pafupi ndi galaja yake pali chiwaya cha tchipisi chimene chingasokeretse munthu wosala kudya. Galajayo ilibe mpanda, ilibe denga. Ili ndi mtengo wa bulugamu, bokosi la masipanala, ndi mtsetse. Mtsetsewo ndiye chida chake chachikulu. Magalimoto ambiri amene amafika pamenepo mabatire awo anafa kalekale, ndiye amawaimika onse mphuno zitaloza kumunsi, iliyonse ndi mwala wake. Akamaliza kukonza amangochotsa mwala, galimoto n'kutsetsereka, n'kulira. Kumunsi kwa mtsetsewo kuli ogulitsa matabwa a paini, kenako ngalande, kenako dimba la kabichi m'mphepete mwa kamtsinje.

Mnzangayo ndi munthu wamfupi, wa mawu a munthu wamtali. Ovolosi yake inamwa oyilo wochuluka moti akaivula imaima yokha. Ndinaipezapo tsiku lina itaima pansi pa bulugamu, ndinaipatsa moni, n'kuifotokozera vuto la galimoto mpaka pakati.

"Handibuleki?" anatero atasuzumira kunsi. "Aa, madala, zimenezi ndimakonza ndikuyasamula. Bwerani Lachitatu."

Lachitatu linali la mu Juni, lozizira moti mawu ankatuluka m'kamwa n'kuyamba aganiza kaye ngati apitirire. Ndinamupeza atakhala pa chiwongolero, akundidikira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anagwira handibuleki n'kuikoka pang'onopang'ono. Krrr! Inalira bwino, abale. Sindinamvepo galimoto yathu ikutulutsa phokoso laulemu chotero.

"Mwamva?" anatero. "Imeneyi si handibuleki, ndi ukwati wa pa tchalitchi. Siimasuka."

"Ndichotse mwala?"

"Mwala ndi wa makolo, madala. Ife tili m'chitukuko."

Ndinagwada, n'kuusolola pansi pa tayala. Galimoto inangoti njii, osagwedezeka. Kunena zoona misozi inalengeza. Ndinaunyamula mwalawo ndi manja awiri, ndinauthokoza chifukwa cha ntchito yake, ndipo poti unali utapuma pa ntchito ndinati usakhalenso kumapazi kwa anthu. Ndinauika kumbuyo kwa pikapu, pakati penipeni, ukwereko ngati bwana. Kenako tinapita pa chiwaya kukasangalala.

Tinali titafika pakati pa mbale pamene tinamva kuti thwa! ngati waduka waya wa gitala. Mnzanga anasiya kutafuna. Ine ndinapitiriza, poti sindine makaniko.

Galimoto inanyamuka mwaulemu, ngati mlendo amene sakufuna kudzutsa eni nyumba. Inadutsa bulugamu. Inadutsa magalimoto anzake amene anali pa miyala yawo, ndipo ndikulumbira kuti minibasi ina inaiyang'ana mwansanje. Pofika pa chiwaya inali itayamba kuthamanga, ife tili pambuyo pake, mbale idakali m'manja mwanga chifukwa sindinaone chifukwa chotayira zonse tsiku limodzi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti inayenda bwino kuposa mmene ndimaiyendetsera ine. Inagwira kumanzere. Inazemba dzenje limene ine ndinali nditagweramo zaka zisanu ndi ziwiri. Inapatsa mpata mbuzi. Mayi wina wa kumudzi kwathu, dengu lili pamutu, anaima m'mbali n'kuwomba m'manja kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" ndipo anakandineneza kunyumba kuti masiku ano ndayamba kunyada, sindiyankha moni. Akabaza anamwazika ngati kwatulukira chilombo cha gule. Ogulitsa matabwa anadumphira pamwamba pa katundu wawo, galimoto n'kungokhudza mulu umodzi, matabwa n'kugona pansi motsatizana mwadongosolo. Kenako inafika pa ngalande, inadumpha, ndipo kwa kanthawi ndinaona Mozambiki kunsi kwa matayala ake.

Inatera ndi mphuno m'dimba. Bampala inapindika, nyali imodzi inasweka, kathanki ka madzi oziziritsa injini kanayamba kuthirira kabichi. Ndipo mwala uja, umene unali utakwera ngati bwana, unauluka kuchokera kumbuyo, n'kuswa galasi, n'kukakhala kumapazi kwa wokwera, pamalo ake a masiku onse.

Mwini dimba anali pomwepo ndi kheni yothiririra m'manja, mayi wamtali wa nkhope yosadabwa. Anayenda mozungulira galimoto, anasuzumira pa chiwongolero, n'kutembenukira kwa ife amene tinkafika tikupuma ngati agalu.

"Mbusa wake ndani?"

"Mayi, imeneyi ndi galimoto," ndinatero.

"Chalowa m'dimba mwanga chokha, popanda munthu, chaononga mbewu. Ng'ombe ikatero timaigwira. Ichinso ndachigwira."

Anatenga chingwe cha mbuzi, anamanga mbali ina ku bampala, mbali ina ku chikhomo. Anakoka kuti aone ngati chagwira. Kenako anapitiriza kuthirira.

Mlandu unayambira pomwepo, m'kati mwa kabichi. Ine ndinayamba mofatsa, monga munthu wolakwiridwa amene ali ndi mboni mtsetse wonse.

"Achimwene, ndiye muikonza liti?"

"Kukonza ndikonza, madala, ndi ntchito yanga. Inu mungogula zipangizo."

"Ndigule ine? Yathawira m'manja mwa ndani?"

Anapukuta manja pa ovolosi, manjawo n'kuda kwambiri. Khamu linali litasonkhana kale, ena akujambula pa mafoni. Anatembenukira kwa anthuwo, osati kwa ine.

"Abale anga, ndifunse funso limodzi. Galimoto imeneyi yakhala pa galaja yanga masiku atatu. Inathawa Lolemba?"

"Ayi!"

"Lachiwiri?"

"Ayi!"

"Chinasintha n'chiyani lero? Anachotsa mwala ndani?"

Anthu onse anandiyang'ana. Ngakhale mwini dimba anasiya kuthirira.

"Ndinachotsa chifukwa munati mwakonza!" ndinakuwa. "Ndinabweretseranji galimoto kuno ngati si kuti ndichotse mwala?"

"Handibuleki ndinakonza. Munaimva nokha ikulira. Amene waduka ndi waya."

"Wayayo anaika ndani?"

"Nanga galasi? Galasi laswedwa ndi waya? Mwala wanu, munaukweza nokha, mpaka kuulankhula. Anthu anakuonani."

Pamenepo anandigwira, chifukwa anthu anandionadi. Ndinayesa njira ina. Ndinati galimoto inali isanaperekedwe kwa mwini wake, popeza makiyi anali adakali m'thumba mwake. Iye anati pa galaja yake galimoto siperekedwa ndi makiyi, chifukwa theka la magalimoto ake alibe makiyi. Imaperekedwa ndi mwala. Wochotsa mwala ndiye walandira galimoto. Anandilozeranso kathabwa kokhomedwa pa bulugamu, kamene anati kanalembedwa kuti galimoto zonse zimasiyidwa pano mwini wake akudziwa. Ndinakwera kukakawerenga. Mvula inali itafufuta zonse, kunangotsala chilembo chimodzi ndi chisa cha mavu.

Pofika masana mtsetse wonse unali utagawikana. Kunali a mwala, oikira kumbuyo makaniko, ndi a waya, oikira kumbuyo ine. Ogulitsa matabwa anali a waya, akabaza anali a mwala, wokazinga tchipisi anati iye sangalowerere poti tonse ndife makasitomala. Anthu awiri amene sankandidziwa ine ngakhale makanikoyo anagwirana m'makolala.

Ndinabwerera kumudzi pa njinga yamoto, ndikumuuza woyendetsa kuti asafulumire. Ndinawapeza mayi akunyumba pakhonde akusankha mbatatesi. Anayang'ana kumbuyo kwanga kumene kunayenera kukhala galimoto, kenako anayang'ana ine. Ndinafotokoza zonse. Za galaja ya mpanda sanandikumbutse, ndipo kusandikumbutsako kunawawa kuposa mbama.

"Mbatatesi izi zikuyenera kufika pamsewu zisanayambe kumera," anatero. "Galimoto ikonzedwe. Galaja ikakana kulipira, nkhumba yanu ndiyo ilipire."

"Mayi, ili ndi bere!"

"Ndiye ilemera bwino pa sikelo."

Ndinaganiza kuti akungondiopseza. M'mawa mwake kunafika wogula nkhumba, bambo wonenepa wa chipewa chofiira, njinga yake ili ndi thabwa kumbuyo ndi zingwe za mphira zokonzeratu. Analowa m'khola n'kuyamba kuipapasa pamsana akung'ung'udza kanyimbo. Nkhumba inandiyang'ana pamwamba pa phewa lake. Sindinayang'anidwepo chotero ndi cholengedwa chilichonse, kuphatikizapo aphunzitsi a masamu. Mayi anamuuza kuti abwerenso Lolemba. Ndinatsala ndi masiku anayi.

Lachisanu ndinapita ku galaja ndi mtima wokambirana. Mnzanga anandilandira bwino, anandipatsa mpando wa minibasi wopanda minibasi.

"Madala, ife ndi anthu amodzi, tisadane chifukwa cha chitsulo. Tigawane. Inu mugule bampala, nyali, galasi ndi kathanki. Ine ndikukhululukirani thukuta langa."

"Zimene mwatchulazo ndi nkhumba yanga yonse, kuyambira mphuno mpaka mchira."

"Nkhumba ndi nyama, madala. Tsiku lina idzadyedwabe."

Ndinanyamuka osatsanzika. Ndinatsikira kudimba kukaona galimoto, ndinaipeza idakali pachingwe, ndipo wina anali ataiikira udzu patsogolo. Ndinapempha chilolezo kwa mwini dimba, n'kukwawira kunsi kuti ndimuone ndi maso anga waya wotchukayo. Ndinamupeza akulendewera. Anali wobiriwira, wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo chakumapeto kwake kunali pegi yoyanikira zovala.

Ndikanama lilime langa liume. Pegi. Yamtengo.

Ndinathamanga mtsetse wonse chokwera, pegi ili m'mwamba ngati kandulo ya pa Pasaka. Ndinati tsopano mlandu watha. Mnzanga anaiyang'ana, anaitembenuza, n'kuiika m'thumba.

"Akazi anga amaifunafuna imeneyi," anatero. "Madala, waya ameneyu wanyamula mabulangete onyowa a banja la anthu asanu ndi atatu kwa zaka zambiri, osaduka. Bulangete lonyowa mumalidziwa kulemera kwake? Waya analibe vuto. Anangodzidzimuka chifukwa munamusiya yekha mwadzidzidzi. Mukanachotsa mwala pang'onopang'ono, azolowere."

A mwala anawomba m'manja. Ena mwa a waya anawolokera mbali yake. Ine ndinabwerera kumudzi, ndinakakhala pakhomo la khola, ndipo ndinalephera kuiuza nkhumba mmene zinayendera.

Loweruka m'mawa ndinapeza mayi akunyumba atavala kale, chitenje chomanga cholimba, nsapato za ulendo.

"Tiyeni," anatero. "Ndikamuone mlamu wanga."

Sanayambire ku galaja. Anayambira kudimba. Anagwada, anapatsana moni ndi mwini dimba, anafunsana za ana, za chisanu, za mtengo wa feteleza, ine nditaima poteropo ngati chikhomo chachiwiri. Kenako anayendera limodzi mizere imene galimoto inagaya. Anamvana mosavuta. Kabichi yense wophwanyika titenge ife, ndipo nkhumba ikaswa, mwini dimba adzabwere kudzasankha mwana mmodzi yekha.

"Koma pali kanthu kamodzi, amayi," anatero mayi akunyumba. "Galaja ikapanda kulipira, nkhumbayo ikupita Lolemba ndi bere lake lomwe."

Mwini dimba anaika kheni pansi. Anamasula chingwe ku bampala, anachikulunga padzanja, n'kuyang'ana kumtunda kumene kunali bulugamu.

"Tiyeni tonse," anatero.

Galimoto inakwera mtsetse ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri za ngolo, ine ndili pa chiwongolero, anthu akutsatira pambuyo ngati tikuperekeza mkwatibwi. Linali tsiku la msika, ndiye khamu linali lowirikiza. Mnzanga atationa anavula chipewa.

"Alamu! Mwatiyendera lero? Mukanandiuza ndikanasesa."

"Musavutike, alamu, pano posesa palibe," anatero mayi. "Ndamva kuti ntchito yanu inali yabwino."

"Yabwino zedi. Anailakwitsa ndi amuna anuwa."

"Amenewa ndimawadziwa, n'zotheka. Ndiye tichite chonchi kuti ndikagulitse nkhumba ndi mtima woyera. Mumangenso waya yemweyo mmene munamangira. Muiimike pomwe inaima. Mwala pasakhale. Inu mugone patsogolo pake, ine ndidye mbale imodzi ya tchipisi. Ndikamaliza galimoto ili pomwepo, wolakwa ndi bambo awa, ndipo simudzamvanso mawu anga. Mukakana kugona, galaja ikonza zonse."

Wokazinga tchipisi anayamba kale kuthira mafuta.

Mnzanga anayang'ana galimoto, anayang'ana mtsetse, anayang'ana khamu. Akanakhala awiri okha ndi mayi, ndikhulupirira akanakana. Koma panali akabaza onse amene anamuikira kumbuyo masiku atatu, panali mafoni m'mwamba, ndipo patsogolo penipeni panaima mwini dimba ndi chingwe cha mbuzi m'manja.

"Ndi zimenezo zokha?" anatero mokweza. "Alamu, itanitsani mbale ziwiri. Ine ndigonanso tulo."

Ndinaganiza kuti waya akhoza kupirira mbale imodzi, popeza tsiku lija anapirira theka ndipo mayi amadya mofulumira. Ndinayamba kuwanong'oneza kuti azitafuna bwinobwino, kudya mothamanga kumayambitsa zilonda za m'mimba.

Anakwawira kunsi, galimoto ili pa mwala wobwereka, n'kulumikiza waya uja ndi mfundo ziwiri. Anakwera, anakoka. Krrr! Mayi anasuzumira m'kati kuti aone ngati wakokadi, anatseka chitseko, n'kulamula kuti mwala wobwerekawo uchotsedwe ndi munthu wopanda mbali. Anauchotsa wokazinga tchipisi. Galimoto inaima.

Mnzanga anatenga katoni yoti agonere. Anazungulira galimoto akuseka ndi anthu, akugwedeza dzanja ngati wandale. Ndipo pamene ankadutsa pa tayala lakutsogolo, maso ali kwa anthu, pakamwa pakuyankhula, phazi lake lamanja linatuluka lokha pamzere, linakokera chidutswa cha njerwa chimene chinali chapafupi, n'kuchikankhira pansi pa tayala. Linachigunda kawiri ndi chidendene kuti chilowe bwino. Kenako linabwerera kwa mwini wake.

Iye sanadziwe. Ndikulumbira pa manda a agogo anga onse anayi, munthuyo sanadziwe. Phazi limenelo lakhala likugwira ntchito pa mtsetse umenewo kuyambira ali mnyamata, ndipo silinalolepo mwini wake kudutsa patsogolo pa galimoto popanda kuikapo kanthu. Anayala katoni, anagona chagada, anapinda manja pachifuwa, n'kutseka maso.

"Yambani kudya, alamu!"

Woyamba kuseka anali wogulitsa matabwa. Kenako zinangophulika. Akabaza anagwa ndi njinga zawo. Mayi wina anakhala pansi m'fumbi akupempha madzi. Ng'ombe za ngolo zinatembenuka kudzaona. Mnzanga anatsegula diso limodzi, akuganiza kuti anthu akusangalala ndi kulimba mtima kwake, mpaka mwini dimba anafika n'kumulozera ndi chingwe.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

Anadzutsa mutu. Anayang'ana njerwa. Anayang'ana phazi lake nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza m'bale wake akumuba.

"Si ine ndaika," anatero.

"Tonse taona kuti si inu," anatero mayi akunyumba, akupukuta zala. "Ndi phazi. Musadandaule, alamu, sitikuwerengera. Gonani bwinobwino, ndichotse."

Anawerama, n'kugwira njerwa ija ndi zala ziwiri.

Sindinaonepo munthu akudzuka chotero. Sanadzuke, anangopezeka ali kwina. Ovolosi inatsala kamphindi pa katoni isanamutsatire. Titamufunafuna tinamupeza kuseri kwa bulugamu, atakumbatira mtengo, akukuwa kuti, "Musachotse! Alamu, musachotse, ndili ndi ana!"

"Ndiye akonza ndani?"

"Galaja!"

"Galasi?"

Anazengereza. Mayi anagwedeza njerwa pang'ono, ngakhale kuti patsogolo pa galimoto panalibenso munthu.

"Galasi lomwe! Zonse!"

A mwala anabalalika mwakachetechete. Ena anayamba kunena kuti iwo anali a waya kuyambira pachiyambi.

Pobwerera tinakwera minibasi, matumba atatu a kabichi wophwanyika ali pamiyendo. Ine chimwemwe chinali chitandikwera m'mutu, ndinkapatsa moni aliyense wokwera, koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandivuta.

"Mayi, nanga waya uja akanaduka munthu ali chigonere? Bwenzi tili kupolisi."

"Mukuganiza kuti ndinasuzumira m'katimo kuti ndione chiyani? Ndinaiika mu giya. Sindingaphe mwamuna wa mnzanga chifukwa cha nkhumba."

Tinadutsa midzi iwiri ine ndikuwerengera bwinobwino.

"Ndiye kuti galimoto sikanasuntha."

"Sikanasuntha."

"Ndiye phazi lija likanapanda kuika njerwa, iye n'kugona mpaka mbale kutha?"

"Bwenzi Lolemba tikutsanzikana ndi nkhumba," anatero, n'kuyamba kufunsa mayi wa pambali pawo kumene anagula chitenje.

Galimoto inatuluka patapita masiku asanu ndi limodzi. Mnzanga anasunga lonjezo, koma analisunga ndi zimene anali nazo. Bampala anaichotsa ku lole, ndiye inatuluka mbali zonse ziwiri ngati nyanga, moti podutsa pamsika ndinkakolola madengu. Nyali yatsopano inkaloza m'mwamba, ikuwunikira akadzidzi m'mitengo ya paini. Galasi linachokera ku minibasi yakufa ndipo linabwera ndi mawu ake olembedwa kale, oletsa okwera kutsutsana ndi kondakitala. Waya yekha ndiye anagula weniweni, wa m'sitolo, ndipo anandionetsa pepala lake katatu. Mbatatesi zinafika pamsewu zisanamere. Ndi mnzangayo timadyabe tchipisi limodzi, kungoti akaona mayi akunyumba akubwera amakumbukira kuti ali ndi ntchito kunsi kwa galimoto ina.

Lolemba lija wogula nkhumba anabweradi ndi thabwa lake ndi zingwe zake. Ndinamulandira ine ndemwe, ndinamupatsa mpando, ndinamufunsa za kunyumba, kenako ndinamutengera kukhola kuti akaone nkhumba ikudya kabichi. Inadya kabichi ameneyo mlungu wathunthu, m'mawa ndi madzulo, mpaka inayamba kubiriwira m'makutu. Bamboyo anaima pamenepo akumeza malovu, ndipo pochoka ndinamupatsa kabichi mmodzi kuti asapite chimanjamanja.

Inaswa ana khumi ndi mmodzi. Atasiya kuyamwa, mwini dimba anafika ndi thumba lake kudzasankha. Anakhala m'kholamo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akunyamula aliyense, kumuyeza m'manja, kumuyang'ana m'kamwa, kumubweza. Ndinayesa kumulozera kena kakang'ono kofatsa, ndikuti kameneka kali ndi khalidwe. Anangokakankhira pambali. Anatenga wamkulu kuposa onse, wa khutu lakuda ngati make, amene ine ndinali nditamubisa kuseri kwa chomwera.